Ndinanena mawu atatu kuntchito, tebulo lonse linangoti zii. Kodi ndapalamula?

NamwinoWaKuWeimar
Abale anga ndithandizeni, usiku wathawu sindinagone. Ndili ndi miyezi 14 kuno ku Germany, ndikuphunzira ntchito yosamalira okalamba. Dzulo pa nthawi ya nkhomaliro ndinatenthetsa nsima yanga ndi nyemba, mnzanga wina n'kutulutsa buledi wopaka nyama ya nkhumba yogaya yosaphika, pamwamba atawaza anyezi. Anandiuza kuti ndilaweko, ine ndinakana ndikuseka, ndipo pofuna kuonetsa kuti Chijeremani chayamba kulowa ndinati "Jedem das Seine". Ndinawamva kwa gogo wina amene ndimamusambitsa, ndipo ndinkadziwa kuti akutanthauza kuti aliyense ndi zake zomwe amakonda. Anthu asanu pa tebulo anangoti zii. Mayi wina wachikulire anaika foloko pansi n'kundiuza chapansipansi kuti mawu amenewo analembedwa pa chipata cha Buchenwald, ndende ya nthawi ya Hitler yomwe ili pa phiri lomwe timaliona pa windo la kuntchitoko. Ndamva kuti kuno munthu amalipitsidwa chindapusa chifukwa cha mawu a nthawi ya Hitler. Kodi ndapalamula? Zingakhudze mapepala anga okhalira kuno?

Mlongoti88
Achemwali gonani tulo. Mawu atatu okha angamangitse munthu? Azungu amenewo angofuna kukuopsezani.

ZaMalamuloJena
Achimwene a Mlongoti, mawu atatu amangitsa ndithu kuno, kungoti si amenewa. Achemwali, mtima ukhale pansi, simunaphwanye lamulo. Ndikufotokozereni bwinobwino.

Lamulo lomwe mwamvalo ndi gawo 86a la malamulo a milandu a dziko lino. Limaletsa kugwiritsa ntchito pagulu zizindikiro za mabungwe oletsedwa, ndipo limatchula mbendera, mabaji, yunifolomu, mawu a mfuwu ndi kapatsidwe ka moni. Chilango chake ndi ndende mpaka zaka zitatu kapena chindapusa. Funso lomwe khoti limafunsa ndi lakuti: kodi mawuwa anali chidindo cha bungwe linalake la chipani cha Nazi? "Heil Hitler" ndi "Sieg Heil", inde. "Meine Ehre heißt Treue", kutanthauza kuti ulemu wanga ndi kukhulupirika, anali olembedwa pa malamba a asilikali a SS, gulu la zida la chipani cha Nazi, ndiye ndi oletsedwa. "Blut und Ehre", magazi ndi ulemu, anali a bungwe la achinyamata a Hitler, oletsedwanso.

Anuwo ndi akale kwambiri kuposa Hitler. Anachokera ku Chilatini, "suum cuique", mfundo ya Aroma yakuti chilungamo ndi kupatsa aliyense chomuyenera. Mafumu a Prussia anawaika pa mendulo yawo yapamwamba, ndipo apolisi a asilikali a Germany mpaka lero ali nawo m'Chilatini pa baji yawo. Sanakhalepo chidindo cha bungwe la Nazi. Komanso munawanena kwa anthu asanu mukudya, osadziwa kanthu. Palibe mlandu apa.

NamwinoWaKuWeimar
Zikomo achimwene, ndapumako. Koma nanga bwanji nkhope zija zinagwa chonchija ngati palibe cholakwa?

MphunzitsiWaMbiri
Mwanawe, chifukwa muli ku Weimar. Mukanawanena ku Hamburg mwina wina akanangogwedeza mutu n'kupitiriza kudya, anthu ambiri amawanenabe osaganizira. Koma Buchenwald ili pa phiri la Ettersberg, pamwamba pa mzinda wanuwo. Kuyambira 1937 mpaka 1945 munadutsa akaidi pafupifupi 280,000 m'ndendeyo ndi nthambi zake, ndipo oposa 56,000 anafa. Chomwe chimapweteka pa mawuwo ndi momwe anawaikira. Pa zipata zina, monga ku Auschwitz ndi ku Dachau, analemba "Arbeit macht frei", ntchito imamasula, moti wolowa aziwerenga. Ku Buchenwald anawatembenuzira mkati, kuti mkaidi ali pa mzere wowerengedwa m'mawa ndi madzulo aziwaona: zimene ukukumana nazozi ndi zokuyenera. Anatenga mawu a chilungamo n'kuwasandutsa chitonzo kwa munthu woti afa mawa.

Amene anajambula zilembozo anali mkaidi, Franz Ehrlich, yemwe anaphunzira ku sukulu ya zaluso ya Bauhaus, sukulu yomwe a Nazi ankadana nayo. Anazijambula m'kalembedwe ka sukulu yakeyo.

Ndipo si inu oyamba kupunthwa pamenepa. Nokia inawaikapo pa malonda ake mu 1998 n'kuwachotsa anthu atadandaula. Mu 2009 Tchibo ndi Esso anachitanso zomwezo potsatsa khofi, nawonso anachotsa zikwangwani. Palibe anamangidwa.

Mlongoti88
Ndiye mawu atatu omangitsawo ndi ati?

ZaMalamuloJena
"Alles für Deutschland", zonse chifukwa cha Germany. Björn Höcke, mtsogoleri wa chipani cha AfD m'chigawo cha Thüringen, momwe ine ndi achemwaliwa tikukhala, anamaliza nawo zoyankhula zake pa msonkhano ku Merseburg mu May 2021. Mu May 2024 khoti la ku Halle linamulipitsa mayuro 13,000. Mlandu woyambawu uli mkati, mu December 2023 ku Gera, ananena "Alles für" n'kukweza dzanja kuti gulu limalize lokha, gulu n'kumalizadi. Pa zimenezo analipitsidwanso mayuro 16,900 mu July 2024. Mawuwa anali mfuwu wa SA, gulu la anyamata ovala malaya a bulawuni omwe ankamenya otsutsa m'misewu, ndipo anazokotedwa pa mipeni yawo.

DalaivalaWaJoni
Apa ndiye sindikugwirizana nazo. Munthu kunena kuti zonse chifukwa cha dziko langa, n'kulipira ndalama zogulira minibasi? Ine ndikanena kuti zonse chifukwa cha Malawi ndalakwa chani? Wosewera mpira aliyense amanena zomwezo. Kumeneko n'kungofuna kumutseka pakamwa munthu chifukwa chipani chake chikuwasowetsa tulo.

MaiAwiriLeeds
A Dalaivala, munthuyo anali mphunzitsi wa mbiri yakale ku sekondale asanalowe ndale. Anauza khoti kuti sankadziwa komwe mawuwo anachokera. Mphunzitsi wa mbiri ya Germany! Ndipo kachiwiri kaja anali ataimbidwa kale mlandu, sangatinso sankadziwa.

DalaivalaWaJoni
Mayi, kudziwa kapena kusadziwa, mawuwo payekha alibe chitonzo. Sakutukwana Myuda, sakutukwana wakuda. Nanga a Nazi akanakhala kuti ankakonda kunena "mwadzuka bwanji", tikanaletsa moni?

MphunzitsiWaMbiri
Funso lanu ndi labwino a Dalaivala, musalitaye. Yankho lake lili pa ntchito yomwe mawuwo akugwira. Mluzu ulibe tanthauzo, koma mlenje akauimba galu wake amadziwa. Munthu wandale akaima pa nsanja n'kusankha mawu omwe anali pa mpeni wa SA, anthu wamba amva kukonda dziko, pomwe ena ochepa m'gulumo amva kuti uyu ndi wathu. Akafunsidwa akana. Lamulolo linapangidwa kuti chizolowezi chimenechi chisamere, kuti mawu ndi zizindikiro zimenezi zisabwerere m'misewu n'kukhala zozolowereka kwa mwana wokula lero. N'chifukwa chake khoti silifunikira umboni wakuti munthuyo ndi wa Nazi mumtima. Limangofuna kudziwa ngati ankadziwa chomwe akunena.

Koma ndikuvomerezani pa chimodzi. Chindapusacho sichinamuchotsere mavoti. Mu September 2024, miyezi iwiri chigamulo chachiwiri chitaperekedwa, chipani chake chinapambana chisankho cha ku Thüringen ndi mavoti pafupifupi 33 pa 100 alionse.

DalaivalaWaJoni
Mwaona! Ndiye lamulolo lapindula chani?

MaiAwiriLeeds
Lamulo loletsa kuba silinathetse akuba, koma sitinalifafanize.

GogoWaKuZomba
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Ine mtima wanga uli pawiri pa nkhaniyi.

Ndinakula nthawi imene pakamwa pankamangitsa. Munthu ankanyamulidwa usiku chifukwa cha mawu omwe ananena pa mowa, ndipo tinkayankhula titayang'ana kaye kumbuyo. Choncho ndikamva kuti boma lili ndi mndandanda wa mawu oletsedwa, thupi langa limachita tsembwe, a Dalaivala ndikuwamvetsa.

Koma ndikumbukanso mbali inayo. Pafupi ndi kwathu kunali banja la a Mboni za Yehova. Chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Tsiku lina kunabwera anyamata akuimba, n'kuwatenthera nyumba ndi nkhokwe. Ine ndinali mtsikana, ndinabisala m'munda wa chinangwa, ndinkamva fungo la chimanga chikupsa. Banjalo linathawira ku Mozambique. Nyimbo yomwe ankaimba anyamatawo inalibe mawu otukwana ngakhale amodzi. Koma mpaka lero wina akaiyamba ngakhale mocheza, ine ndimatuluka panja. Ndiye ndikaganiza za munthu amene makolo ake anafera m'ndende zija, n'kumva mtsogoleri akufuula mawu a anthu omwe anawapha, gulu n'kumayankha, sindinganene kuti ndi mawu chabe.

MphunzitsiWaMbiri
Agogo, zikomo. A Mboni omwewo analinso ku Buchenwald, ankawasokerera kansalu kofiirira ka makona atatu pa malaya. Chimodzi mwa zomwe ankamangidwira chinali kukana kunena "Heil Hitler". Nthawi imeneyo wokana mawuwo ndiye ankapita kundende.

KwathuKaronga
Ife a ku Karonga Ajeremani timawadziwa, manda awo alipo kwathu kuno. Anabwera kudzamenya nkhondo, agogo ankatisimbira. Ndiye a Nazi omwewo eti?

MphunzitsiWaMbiri
Ayi achimwene, amenewo ndi a nkhondo yoyamba. Nkhondo ya ku Karonga inali mu September 1914, Germany ili pansi pa mfumu Wilhelm, ndipo ankachokera ku Tanganyika komwe ankalamulira. Hitler analowa m'boma mu 1933.

KwathuKaronga
Chabwino aphunzitsi. Koma sitima ija ya Ajeremani yomwe inawomberedwa pa nyanja, ndi nthawi yomweyo?

MphunzitsiWaMbiri
Yomweyo, August 1914, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inawombera ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pa gombe. Tidzatsegule nkhani yakeyake, apa tingawasokoneze achemwali athu.

MaiAwiriLeeds
Tisanachoke pa za anthu akuda: ambiri sadziwa kuti mu 1937 a Nazi anatseketsa mokakamiza ana mazana angapo a ku Rhineland kuti asadzabereke, chifukwa abambo awo anali asilikali a ku Africa a gulu la nkhondo la France. Ndimanena izi chifukwa ndimaona anyamata athu ena pa Facebook akuika chithunzi cha Hitler ati anali mtsogoleri wolimba. Mukanakhala kumeneko mukanakhala pa mndandanda.

A Mlongoti, pepani ndifunse, 88 ili pa dzina lanuyo ndi ya chani?

Mlongoti88
Chaka chobadwa mayi. Bwanji?

MaiAwiriLeeds
H ndi chilembo cha nambala 8. Otsatira Hitler amalemba 88 m'malo mwa moni woletsedwa uja, ndi 18 m'malo mwa zilembo zoyamba za dzina lake.

Mlongoti88
Mayo ine. Ndakhala ndikufunsira ntchito ku Germany ndi imelo yokhala ndi nambala imeneyi.

ZaMalamuloJena
Nambala payokha si mlandu achimwene, anthu obadwa 1988 alipo ambirimbiri kuno. Koma pa zofunsira ntchito tsegulani imelo ina, wowerenga sakudziwani. Kuno amasamala zinthu zotere mpaka pa nambala za galimoto: simungapatsidwe SS, SA, HJ (bungwe la achinyamata a Hitler) kapena KZ (ndende za a Nazi). Mu April 2024 Adidas inaletsa kugula jezi ya timu ya dziko yokhala ndi 44 chifukwa kalembedwe ka manambalawo kankafanana ndi chizindikiro cha SS.

Ndibwerere kwa a Dalaivala, chifukwa lamuloli lili ndi mipata yomwe ingakudabwitseni, ndipo ena amati ndi lofooka, osati lankhanza. Mu 2005 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti mawu otamanda Waffen-SS, nthambi ya nkhondo ya SS, omwe anthu ena anapeka nkhondo itatha sagwera mu gawo 86a, chifukwa sanakhalepo mfuwu wa bungwelo. Mu 2009 khoti lomwelo linati mfuwu wa achinyamata a Hitler ukamasuliridwa m'Chingerezi suwerengedwanso ngati chidindo chomwecho, chifukwa mphamvu yake inali m'Chijeremani. Ndime yoyamba ya nyimbo ya fuko, ija imayamba ndi "Deutschland über alles", siyoletsedwa, inalembedwa mu 1841, kungoti yovomerezeka ndi ndime yachitatu yokha ndipo woimba yoyambayo anthu amamuyang'ana ndi diso lina.

Komanso lamulo limalola kugwiritsa ntchito zizindikirozi pophunzitsa, pa kafukufuku, pa zaluso ndi pofalitsa nkhani. N'chifukwa chake ife tikutha kulemba mawuwa pano powafotokoza. Ndipo mu 2007 khoti linamasula wamalonda wina yemwe ankagulitsa mabaji a swastika, chizindikiro cha a Nazi, yodulidwa ndi mzere, linati aliyense akuona kuti akutsutsa chizindikirocho.

DalaivalaWaJoni
Ndiye ukanena m'Chijeremani wapalamula, ukanena m'Chingerezi wapulumuka? Lamulo lotani limenelo?

ZaMalamuloJena
Pa gawo limeneli inde, ndipo oweruzawo anavomereza kuti mpata ulipo. Koma pali gawo 130, loletsa kuutsa chidani pa gulu la anthu, kutamanda ulamuliro wa Nazi ndi kukana kuti Ayuda anaphedwa. Kukana kuphedwa kwa Ayuda pagulu kumafika zaka zisanu, ndipo pamenepo chiyankhulo chilibe kanthu.

MaiAwiriLeeds
A Dalaivala, inu muli ku Joni. Mbendera yakale ya tsankho ija, ya olenji, yoyera ndi ya buluu, wina ataipachika pa galimoto n'kuima nayo pa renki ya mataxi, munganene kuti ndi nsalu chabe?

DalaivalaWaJoni
Sangafike nayo kunyumba. Ndipo khoti kuno linagamula mu 2019 kuti kuionetsa popanda chifukwa ndi chidani. Ndinasangalala tsiku limenelo, sindikana. Koma mbendera ija ndi chinthu chimodzi chodziwika, mwana aliyense amaidziwa. Mawu ndi ena. Mawu ndi a anthu onse, ndipo mlendo ngati achemwali athuwa angawadziwe bwanji onse? Ku America otsatira Hitler amawalola kuguba, anthu n'kuwaona poyera kuti ndi ndani.

MphunzitsiWaMbiri
Amawaloladi. Ku Charlottesville mu August 2017 anaguba ndi miyuni akufuula mfuwu wa Nazi wa magazi ndi nthaka m'Chingerezi, ndipo mawa lake mmodzi wa iwo anagunda ndi galimoto gulu la otsutsa, mayi wina n'kufa. Kufuulako sikunali mlandu. Dziko lililonse linasankha malinga ndi chilonda chake. Austria ili ndi lamulo lake la 1947 lomwe ndi lolimba kuposa la Germany, wolemba mabuku wa ku Britain David Irving anagamulidwa zaka zitatu ku Vienna mu 2006 chifukwa chokana kuphedwa kwa Ayuda. Australia inaletsa moni wa a Nazi wokweza dzanja mu January 2024.

ZaMalamuloJena
Pa za mlendo, a Dalaivala, mawu omwe amafikitsa munthu kukhoti si oti ungawanene mwangozi pogula buledi. Chomwe alendo amagwa nacho kwenikweni ndi dzanja. Mu August 2017 alendo awiri ochokera ku China anajambulana atakweza dzanja kutsogolo kwa nyumba ya malamulo ku Berlin, apolisi anawagwira pomwepo, aliyense anapereka mayuro 500 kuti atuluke. Kunena kuti ndimacheza sikuthandiza. Ndipo kwa ife okhala ndi chilolezo, chigamulo chilichonse cha khoti chimaonekera pokonzanso mapepala kapena popempha unzika. Samalaninso zomwe mumaika pa intaneti, tithunzi toseketsa ta Hitler tija, chifukwa kuika poyera kumawerengedwa ngati kufalitsa.

DalaivalaWaJoni
Ndamva. Pa dzanja ndi pa swastika ndilibe mawu. Pa mawu atatu a Höcke aja ndikadali pomwe ndinali, ndikanakonda amugonjetse ndi mavoti.

NamwinoWaKuWeimar
Abale, ndabweranso. Lero ndinali pa ofu ndiye ndinakwera basi mpaka pamwamba pa phiri. Kulowa ndi kwaulere. Kunali mphepo yozizira ngakhale kumunsi kunali dzuwa. Chipatacho ndi chaching'ono kuposa momwe ndinkaganizira, munthu mmodzi kapena awiri basi. Ndili kunja zilembo zinkaoneka chagada, sindinathe kuziwerenga bwino. Ndinalowa, ndinayenda pang'ono pa bwalo la miyala, n'kutembenuka. Zinali zofiira, zowala, zolunjika pa ine. Wotchi ya pamwamba pa chipata inaima pa 3:15, nthawi yomwe ndendeyo inamasulidwa pa 11 April 1945. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Panali ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, mnyamata mmodzi anayamba kuseka mnzake n'kumugwira mkono kuti asiye.

Mayi uja wa kuntchito ndinamulembera uthenga kuti ndapita. Wandiyankha kuti agogo ake aamuna anakhalamo zaka ziwiri chifukwa anali wa chipani cha Komyunizimu, ndipo sanakwiye nane, anangodzidzimuka kumva mawuwo pa tebulo.

Chomwe chikundivuta tsopano ndi gogo uja ndinawamva mawuwa. Ali ndi zaka 91, amawanena pafupifupi tsiku lililonse ndikamawafunsa ngati akufuna tiyi kapena khofi. Mawa m'mawa ndili nawo. Ndiwauze kapena ndingokhala chete?

GogoWaKuZomba
Usawadzudzule mwanawe. Ukamawapesa tsitsi, uwauze kuti dzulo unakwera phiri lija, kenako ukhale chete. Nkhondo inkatha ali mtsikana wa msinkhu woti ankaona. Akafuna kuyankhula ayankhula okha.

NamwinoWaKuWeimar
Ndichita choncho agogo. Ndimayamba 6 koloko, ndikaweruka ndidzakuuzani.